Filimu Simera Yokha

Mu 2023 olemba mafilimu a ku America ananyanyala ntchito masiku 148, kuyambira pa 2 Meyi mpaka pa 27 Sepitembala, kukanganirana malipiro ndi makampani ngati Netflix ndi Disney. Oonera ena anawaperekera chakudya pamsewu, ena anasiyiratu kulipira makampaniwo kuti awakhaulitse.

Ndikamadutsa pa Chitakale kapena ku Limbuli ndikuona anyamata akubena mafilimu m'mafulashi, nkhaniyi imandibwerera. Abale anga, kuno mlembi anganyanyale kwa ndani? Alibe bwana womulipira pamwezi. Bwana wake ndife oonera, ndipo ifeyo ndi amene timatenga The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah pamtengo wa mandasi, osafunsa kuti iye apeza chiyani. Anyamata obenawo sindikuwada, nawonso akusaka ya ndiwo. Bungwe loteteza ntchito za aluso la COSOMA lilipo, koma silingalondere foni ya aliyense.

Ine ndaganiza kuti filimu ya Chimalawi ndiziilipira kwa eni ake, kapena ndiziionera pa YouTube yawo. Ngati mukudziwa komwe amagulitsa zenizeni kuno ku Mulanje, ndiuzeni chonde.