Benchi Yakumbuyo

Mtsutso uja tinaukonzekera milungu iwiri. Unachitika Sabata masana pa nthawi ya AY, ndipo funso linali lakuti lamulo lokhudza kuchotsa mimba m'Malawi muno lisinthidwe kapena ayi. Ife ophunzira unamwino a chaka chachitatu tinapatsidwa mbali yokana, ndipo tinapambana mosavuta. Tinawerenga Salimo 139 ndi Yeremiya 1, tinaonetsa chithunzi cha mwana wa milungu 12 ali m'mimba, tizala take tikuoneka bwinobwino, anthu n'kuyankha "Amen" mokweza. Anzathu a mbali inayo ankalankhula mwamanyazi, aliyense akuyamba n'kupepesa kuti si maganizo ake, angomupatsa mbali.

Patatha milungu itatu tinatumizidwa kukaphunzira ntchito pachipatala china, kuwodi ya amayi. Usiku wina ambulansi inabweretsa mtsikana wa Fomu 3 kuchokera kuchipatala chaching'ono. Thupi linali litatentha kwambiri, mimba italimba gwa, ndipo fungo la mafinya linadzaza chipinda. Pakalata yomutumizira panalembedwa kuti wapita padera. Adokotala atamuyeza anapeza kachidutswa ka mtengo wa chinangwa. Anamuthamangitsira ku fiyeta usiku womwewo. Moyo wake unapulumuka, koma chiberekero chinali chitaola moti anachichotsa.

Mayi ake anali atakhala pakhonde, atafunda chitenje. Ataona buku la Sukulu ya Sabata likusuzumira m'chikwama cha mmodzi wa ife, anafunsa kuti, "Ana anga, ndinu a Sabata?" Tinavomera. "Nafenso," anatero. "Ameneyu amaimba kwaya. Bambo ake ndi mkulu wa mpingo. Chaka chatha tinadula mwana wa anzathu chifukwa cha mimba, ndipo amene anawerenga dzina kutsogolo ndi bambo ake omwewa. Ndiye mwanayu akanatiuza bwanji?"

Tinasowa choyankha. Mfundo zonse zimene tinapambana nazo mtsutso zija zinali zoona, ndipo mpaka lero timazikhulupirira, koma panalibe ndi imodzi yomwe yoti n'kuwauza mayiwo pakhonde paja.

Lamulo limene tinkaliteteza tsiku lija ndi lakale kwambiri. Lili m'buku la malamulo a milandu la 1930, la nthawi ya atsamunda. Gawo 149 limati wochotsa mnzake mimba atha kukakhala kundende zaka 14, gawo 150 limapereka zaka 7 kwa mayi mwiniwake, ndipo gawo 151 zaka zitatu kwa wopereka mankhwala kapena zida. Pamene pali mpata ndi pa gawo 243, lolola opaleshoni yopulumutsa moyo wa mayi. Mu 2015 bungwe la Law Commission linatulutsa bilu yowonjezera zifukwa zina: thanzi la mayi la m'thupi ndi la m'maganizo, mwana wolumala kwambiri woti sangakhale ndi moyo, komanso mimba yobwera chifukwa chogwiriridwa, kugonana pachibale kapena kugona mwana wamng'ono. Mu Disembala 2016 mabishopu a Katolika ndi bungwe la Evangelical Association of Malawi anatsogolera maulendo a pamsewu otsutsa biluyo. Mu Marichi 2021 phungu Matthews Ngwale atafuna kuibweretsa m'Nyumba ya Malamulo, aphungu anakana ngakhale kungoikambirana.

Koma lamulo lolimbali silinaletse mtsikana uja. Kafukufuku wa Guttmacher Institute ndi College of Medicine anayerekeza kuti mu 2015 mokha m'dziko muno munachotsedwa mimba pafupifupi 141,000, ndipo pafupifupi amayi asanu ndi mmodzi mwa khumi alionse anakumana ndi zovuta zofunika chipatala. Kale tinkawerenga chiwerengero chimenechi ngati cha anthu akunja, a kumabala ndi kumalo ogona alendo. Kuwodi kuja tinaona amayi apabanja a ana asanu, ana asukulu, ndi anthu ovala mayunifomu a mipingo yosiyanasiyana obwera kudzawazonda.

Pa nkhani ya bilu, ife tomwe sitigwirizananso ngati kale. Ena mwa ife akuopabe kuti mawu akuti "thanzi la m'maganizo" ndi khomo limene aliyense angathe kulikankha. Ena, ataona mwana wa zaka 13 wogwiriridwa akuvutika ndi matenda a uchembere, chiuno chake chisanakhwime n'komwe, sakuonanso chifukwa choti dokotala womuthandiza aziopa ndende. Timakangana kuhositelo mpaka magetsi kuzima. Mpingo wathu nawo sunaiyende mosavuta nkhaniyi. Malangizo a 1992 a General Conference ankatchula zifukwa zapadera monga kugwiriridwa ndi chiopsezo pa moyo wa mayi. Mu Okutobala 2019 atsogoleri anavomereza chikalata chatsopano cholimbirapo, chonena kuti kuchotsa mimba sikugwirizana ndi cholinga cha Mulungu pa moyo wa munthu, ngakhale kuti chimavomereza kuti pali zochitika zina zosowa ndi zovuta kwambiri zimene chiganizo chimasiyidwa kwa mwiniwake ndi banja lake. Chikalata chomwecho chimapempha mipingo kuti ikhale malo a chikondi ndi chithandizo kwa amene akukumana ndi zimenezi. Mbali yoyamba ija tinaiwerenga pa mtsutso. Mbali yomalizayi sitinaitchule, ndipo sitikukumbuka kuti tinaimvapo paguwa.

Zimene zimachitika kwathu tonse tikuzidziwa. Mtsikana akaoneka kuti ali ndi pakati, nkhani imapita ku bodi, kenako ku msonkhano wa mpingo wonse, manja n'kukwezedwa. Ifenso tinakwezapo manja. Church Manual imapereka njira ziwiri, kudzudzula kwa nthawi yosapitirira miyezi 12 kapena kuchotsa dzina m'kaundula, koma m'mipingo yambiri imene tinakuliramo dzanja limathamangira njira yachiwiri. Mtsikanayo akalimba mtima n'kumabwerabe, malo ake amakhala benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo, ndipo amatuluka pemphero lomaliza lisanathe kuti asadutse pamzere wopatsana moni. Nanga mwamuna? Nthawi zambiri amakana kuti mimba si yake, kapena ndi wa mpingo wina, kapena ndi munthu wamkulu amene ankalipira fizi, woti dzina lake palibe angalitchule. Pa Yohane 8 paja nawonso anabweretsa mkazi yekha.

Sitikunena kuti lamulo lachisanu ndi chiwiri lifufutidwe, kapena kuti mpingo usamalangize ana ake. Koma taganizirani atsikana awiri a kwaya imodzi amene achimwa tchimo limodzi. Woyamba wasunga mwana wake. Wadulidwa, sukulu yaima, makolo ake akuyenda chowerama. Wachiwiri wapita mwakachetechete kwa agogo ena kuseri kwa msika, ndipo ngati wapulumuka, Sabata lotsatira ali kutsogolo atavala yunifomu. Mtsikana wachitatu amene wangozindikira kuti mwezi wamudumpha akuona zonsezi, ndipo si wopusa. Ndi pakamwa timamuuza kuti moyo wa mwana wosabadwa ndi wopatulika, koma ndi manja athu okwezedwa aja timamuonetsa kuti chimene chimalangidwa ndi mimba yooneka. Amene wachita chimene timalalikira ndi amene amalipira mtengo waukulu, ndipo izi sizichokera ku Nyumba ya Malamulo. Bilu ija idutse kapena isadutse, benchi yakumbuyo tinaiika ndi ife.

Mtsikana uja anakhala m'chipatala masiku khumi ndi awiri. Tinkasinthana kumutsuka bala. Sankalankhula zambiri, koma tsiku lina anafunsa mmodzi wa ife kuti, "Asisi, mayeso a Fomu 4 ndidzalemba?" Tinamuuza kuti adzalemba. Za chiberekero adokotala anali atamufotokozera, koma sitikudziwa ngati anamvetsa kuti zikutanthauza moyo wake wonse. Za mwamuna amene anamupatsa mimbayo sanatchule, ndipo palibe mwamuna anabwera kudzamuona kupatula bambo ake, amene ankaima patali atagwira chipewa.

Sabata lachiwiri kunabwera amayi a Dorika a kumpingo kwawo, atanyamula phala, sopo ndi shuga. Anaimba nyimbo ziwiri, anapemphera mochokera pansi pa mtima, ndipo anathokoza Mulungu kuti opaleshoni inayenda bwino. Atapita, mayi ake anatikokera pambali. "Ana anga, kumpingo tanena kuti chinali chotupa," anatero. "Chonde, wina akakufunsani." Tinawatsimikizira kuti za wodwala sitiuza munthu, ndiye lamulo la ntchito yathu. Anapumira m'mwamba, n'kutiuza kuti a kwaya akumudikira, chifukwa msonkhano wa misasa wayandikira ndipo amene amatsogolera nyimbo ndi iyeyo.