Kope langa ndi ngongole za anthu

Ndine mlangizi wa za ngongole pa SACCO ina ya pa boma pathu pano, ndipo masiku ena ndimayendera magulu a banki m'khonde m'midzi yozungulira. Zida zanga n'zochepa: kope, cholembera, ndi mpando woyika pomwe ena sangamve zokamba zathu. Ndalama sindipereka. Ambiri akamva zimenezi nkhope imagwa, poti amabwera akuyembekeza kuti ndiwapezera ngongole ina yotsekera zakale.

Choyamba n'kulemba. Pa tsamba limodzi ndimadula mizere: mwini ndalama, zotsala, chiwongoladzanja, tsiku lobweza ndi chikole. Ngongole ya ku banki munthu amaitchula msanga chifukwa imaoneka pa pepala la malipiro. Kenako ya ku gulu, ya lendi, ya pa okala, ya pa foni. Akanena kuti zatha, ndimayika cholembera pansi n'kufunsa: "Aphunzitsi, khadi lanu la ATM lili kuti?" Apa maso amapita pansi. Kawirikawiri khadilo limakhala kwa wakatapila pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi. Malipiro akalowa, woyamba kufika pa makina ndi iyeyo, mwini thukuta amangolandira zotsala. Ngongole imene munthu wabisa ndiyo imakhala ikumutha, choncho sindifulumira. Wina amaulula tsiku lomwelo, wina mpaka atabwera kachiwiri.

Masamu a katapila ndimawalemba munthu akuona. Tinene mwatenga K100,000 pa 50 peresenti pamwezi. Mwezi ukatha mukuyenera kubweza K150,000. Mulibe, ndiye mumapereka K50,000 ya pamwamba yokha, wakatapila n'kukuuzani mokoma kuti palibe vuto, muonana mwezi wamawa. Ikatha miyezi 6 mwapereka K300,000, koma K100,000 ija ili chiimire. Ndaona amuna aakulu akugwira pakamwa ataona nambala zimenezi, chonsecho ndalamazo ankapereka ndi manja awo. Sikuti ndi mbuli. Munthu amene mwana wake wabwezedwa fizi saganiza za miyezi 6, amaganiza za Lolemba.

Sindivomereza akamati onse ogwa m'ngongole ndi osakaza. Alipo a mowa ndi a kubetcha mpira pa foni, inde, koma ambiri amene amakhala pa mpando wanga adagwa chifukwa cha matenda, maliro, feteleza kapena geni yomwe idafa. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mayi wa kaunjika amene adabwereka kuti aode belo adakapeza mtengo utasintha, pomwe ogula ake malipiro ali pomwepo. Mpamba udadyeka osati chifukwa cha ulesi.

Tikamaliza kulemba timasanja. Munthu payekha amayamba kubweza amene akukuwa kwambiri pakhomo pake. Ine ndimamuuza kuti tiyambe tapatula ya chakudya, lendi ndi mayendedwe a ku ntchito, poti wanjala amabwerekanso mawa lomwe. Zikatero tiyang'ane ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu, ndi yomwe chikole chake ndi chida chopezera ndalama. Makina osokera a telala kapena njinga ya wakabaza zikalandidwa, ngongole zina zonse zilibe pogwira.

Gawo lovuta ndi kukakumana ndi eni ndalama. Kwa wakatapila sitipita ndi mkwiyo, ndipo sitipita opanda mboni. Timamuonetsa zonse zimene walandira kale, n'kupempha kuti chiwongoladzanja chiime, zotsalazo zibwezedwe pang'onopang'ono, khadi libwerere kwa mwini wake. Ena amavomera, podziwa kuti lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole ya chiwongoladzanja chopyola muyeso. Ena amakana kwamtuwagalu. Zomwe tagwirizana timalemba, onse n'kusayina. Ku banki ndi ku mabungwe obwereketsa ndimalimbikitsa munthu kupita yekha asanamulembere kalata. Kuthawa foni sikuthandiza, makamaka lero pomwe mbiri ya wobwereka imatumizidwa ku ma credit reference bureau, malinga ndi lamulo la mu 2010. Akaona kuti sakumuchitira chilungamo, akhoza kukadandaula ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabungwe amenewa.

Ngongole ya banki m'khonde ndiyo imandipweteka mtima kwambiri. Njira yosungira ndi kubwereketsana imeneyi idayamba ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo kuno yatukula amayi ambiri. Koma ndalama za m'bokosi muja ndi za mnansi wako, mlamu wako, mnzako wa ku kwaya. Disembala ikayandikira, aliyense akuwerengera masheya ake kuti akagule feteleza, wolephera kubweza amasowa mtendere. Gulu limapita kukatenga mbuzi, ndowa, ngakhale kuzula malata. Amayi ena amalowa magulu atatu, kutenga uku n'kubweza uku, mpaka onse atatu atawatulukira sabata imodzi. Zikafika apa ndimakhala pansi ndi apampando ndi asungichuma: "Amayi, malatawa mukazula mugulitsa zingati, nanga mawa mukapatsana moni bwanji pa mjigo?" Magulu ambiri amalola kudula pa masheya a munthuyo, zotsala n'kuzipatsa miyezi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimaumirira: wapabanja abwere ndi mnzake. Ndondomeko imene mayi a kunyumba kapena bambo a kunyumba sakuidziwa siifika patali, chifukwa ndiwo zikachepa m'mbale amafunsa, ndipo wobisa uja amathamangiranso kwa wakatapila kuti asachite manyazi. Kukambirana koteroko kumakhala ndi misozi, nthawi zina mawu okwera, ndipo ine ndimangokhala chete mpaka atatopa.

Ngongole ya SACCO yotsekera katapila timaiganizira pomaliza, munthu akasunga ndondomeko yake kwa miyezi ingapo ndipo khadi lili m'thumba mwake. Tisanafike pamenepo amabwera mwezi ndi mwezi, malipiro akangolowa, atanyamula malisiti, n'kufufuta yekha ndi cholembera mzere uliwonse umene watha.