Za Kuoka Mafuta m'Thupi la Munthu

Abale, munthu akapsa ndi moto, kapena chilonda chikadya mnofu wa pankhope, khungu lilowa m'kati, ndipo mwini wake achita manyazi kukhala pabwalo pakati pa anzake. Madokotala akhoza kutapa mafuta pamimba kapena pantchafu pa munthu yemweyo, nawaika pansi pa khungu lolowalo kuti lidzale. Koma ife amene tioka mbande tidziwa kuti kukwirira sikuvuta, chovuta ndi kugwira. Ndi mafuta zili chomwecho, pakuti a m'thupi sali ngati a m'botolo ayi. Ali mnofu wamoyo wofuna mwazi.

M'chaka cha 1893 dokotala wa ku Germany, Gustav Neuber, anatenga mafuta pamkono pa wodwala, nadzaza nawo chipsera cha pafupi ndi diso. Ndipo anaona kuti tizidutswa tating'ono tigwira, koma zoposa msinkhu wa nyemba zilephera. M'chaka cha 1950 Lyndon Peer wa ku America anayesa kulemera kwa mafuta ookedwa, napeza kuti pakutha chaka pafupifupi theka lake latha.

Kodi chiwapha nchiyani? Mafuta ochotsedwa pamalo pake aduka mitsempha yonse imene inali kuwadyetsa. Masiku oyamba angomwa timadzi ta mnofu wowazinga, kufikira timitsempha tatsopano ta mwazi titamera ndi kulowa mwa iwo, ndipo ichi chiyamba cha pa tsiku lachinayi. Tsono a m'mphepete apulumuka, popeza ali pafupi ndi chakudya. Koma a pakati pa chibuluma chachikulu afa ndi njala, nasungunuka, kapena asanduka kachotupa kolimba.

Chifukwa chake Sydney Coleman wa ku New York, m'zaka za m'ma 1990, anaphunzitsa anzake kuyamba alekanitsa mafuta ndi mwazi ndi madzi, ndi kuwaika ndi singano yobuntha timadontho timadontho m'tinjira tambiri, kuti dontho lililonse likhudzane ndi mnofu wamoyo. Makolo athu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo pano mawuwo aoneka oona: wofuna kudzaza zonse tsiku limodzi ataya zambiri.

Chotero mbale wathu akachitidwa opaleshoni yotere, ndipo itapita miyezi itatu tiona kuti palowanso pang'ono, tisafulumire kunena kuti dokotala wamunyenga, kapena kuti wina wamulodza. Ena a mafutawo asungunuka monga mwa chikhalidwe chawo, ndipo kawirikawiri pafunika kubwereza kawiri kapena katatu. Ntchito yathu ndiyo kumlimbitsa mtima, kumletsa kukanikiza kapena kusisita pamalopo, ndi kumchenjeza aleke fodya, amene achepetsa njira za mwazi. Mafuta amene agwira m'miyezi yoyambayo asanduka mnofu wake ndithu, ndipo akanenepa, iwonso anenepa naye pamodzi.