Usipa wa Kwathu, Mtedza wa ku Nsaru

Ife amene tinachoka kunyanja n'kudzakhala kuno ku Namitete pa nkhani ya malonda timaona chinthu chomvetsa chisoni. Dera lino, kuyambira ku Mpingu mpaka ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, ndi nkhokwe ya mtedza, soya ndi chimanga. Komabe mwana wa mlimi amene analima mtedzawo amagonera nsima ndi masamba othira mchere wokha.

Sikuti makolo sadziwa. Mayi aliyense amene amapita kusikelo anamva za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Chovuta ndi mtengo. Dzira limodzi silikhutitsa mwana, koma ndalama yomweyo ikagula mandasi kapena kamba, kulira kumaleka. Chakudya chongotseka njala n'chotchipa, pamene chomanga thupi chimafuna thumba lolemera. N'chifukwa chake kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira.

Nthawi yokolola mavenda amakhazika masikelo m'mbali mwa msewu, ndipo mlimi, pofuna fizi ndi feteleza, amagulitsa mtedza wonse motchipa. Pofika Januwale, yemweyo amagula nsinjiro ya pakapepala pa mtengo wowawa. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulendo wa usipa wochokera ku Salima ndi ku Nkhotakota unakwera mtengo, ndipo mulu wake pamsika unachepa.

Kwa ife Asilamu pali mtolo wina. Nyama imene anansi athu amaipeza mosavuta kuno ndi nkhumba ndi mbewa, zomwe ife sitidya, pamene mbuzi yozingidwa mwa halali si ya tsiku ndi tsiku. Choncho usipa, nyemba ndi nsinjiro ndizo nyama yathu.

Taphunzira kwa amayi achikulire a kuno kuti chitetezo cha banja chimayamba pokolola. Iwo amabisa thumba limodzi la mtedza kuti venda asalione, amafutsa nkhwani ndi khwanya dzinja lisanathe, ndipo bonongwe ndi chisoso samaziyesa udzu. Futali wa mbatata yofiira mkati ndi nsinjiro, amene timamasulira swaumu m'mwezi wa Ramadhan, amaposa tchipisi cha pachiwaya, ndipo zonse zimachoka m'munda.

Abale athu akunyanja, msampha womwewu uli pakhomo panu: nsomba yabwino imakwera galimoto kupita kutauni, ana n'kutsala ndi mabisiketi ndi sobo. Musanagulitse, patulani ya ana. Mukamatitumizira katundu, ikanimo usipa wouma, ndipo ife tidzabweza thumbalo lili ndi mtedza. Malonda otere, opanda venda pakati, angathe kulera ana a mbali zonse ziwiri.