E.T. ndi Mawu Akuti Kwathu

Filimu ya E.T. the Extra-Terrestrial idatuluka mu 1982, ine ndisanabadwe. Kwathu idafika mochedwa, pa chimbale cha DVD chokalikakalika chimene chinkayenda khomo ndi khomo. Tinkaionera ana okhaokha, Chingerezi chake tikungotolapo mawu amodziamodzi, ndipo zimene zidakhazikika m'mutu mwanga ndi njinga zouluka ndi chala chowala cha kacholengedwa kaja. Mwezi wathawu ndaioneranso, ndili ndi maphunziro a ziyankhulo kumbuyoku, ndipo zimene zandigwira mtima ndi ziwiri: momwe mlendo amaphunzirira kuyankhula, ndi bambo amene palibe pakhomo.

Kwa inu amene simunaionerepo, nkhani yake ndi iyi. Zolengedwa za kudziko lina zimatera usiku m'nkhalango ya ku California kudzatola zomera. Zitadzidzimutsidwa ndi anthu a boma, zimathawa n'kusiya mnzawo mmodzi. Elliott, mnyamata wa zaka 10, amamupeza n'kumubisa m'chipinda chake mothandizana ndi mkulu wake Michael ndi mlongo wake Gertie. Adaitsogolera ndi Steven Spielberg, adailemba ndi Melissa Mathison, ndipo nyimbo zake adapeka ndi John Williams. Idalandira mphoto zinayi za Oscar, ndipo pa ndalama zimene idapeza padalibe filimu yoiposa kufikira Jurassic Park, ya Spielberg yemweyo, mu 1993.

Ambiri amakumbukira kuti E.T. adaphunzira Chingerezi pa TV. Onetsetsani bwino. Pamene pulogalamu ya ana ikuphunzitsa chilembo cha B, iye akutchuladi chilembocho, koma chimene chikusandutsa phokoso kukhala mawu ndi Gertie, amene akutembenuka, kudabwa, n'kumuyankha. Ngakhale chiganizo chake chotchuka chija, chopempha kuimba foni kwawo, poyamba akuchinena mawu atasemphana malo, ndipo ndi Gertie amene akuchibwereza m'ndondomeko yake. Akatswiri a ziyankhulo adaona kale kuti mwana satola chiyankhulo pongomva wailesi kapena TV. Pamafunika munthu womuyankha. Filimuyi idazijambula zimenezi mosalalikira.

Zina zimene ndaziona tsopano zili pa tebulo la chakudya chamadzulo. Elliott akudandaula kuti palibe akumukhulupirira, n'kunena kuti bambo ake akadakhalapo akadamukhulupirira. Mayi ake akumuuza kuti awaimbire foni. Iye akuyankha kuti sangathe, poti bambowo ali ku Mexico ndi mkazi wina. Mayi akunyamuka misozi ili m'maso. Choncho mwana amene sangaimbire bambo ake ndi yemweyo amene akuthandiza mlendo kulumikiza ambulera, chidole chophunzitsa kalembedwe ka mawu ndi zitsulo zina kuti aitane abale ake. Makolo a Spielberg adasudzulana mu 1966, ndipo iye mwini adanenapo kuti filimuyi idamera pa bala limenelo. Ngakhale kamera imakhala pa msinkhu wa mwana: kwa nthawi yaitali, kupatula mayi, akuluakulu timangowaona miyendo, matochi ndi makiyi olendewera m'chiuno.

Bambo anga adapita ku Joni ine ndili ndi zaka 8. Sadatitaye, ankatumiza ndalama ndi zovala, koma mawu awo tinkawamva pa foni ya oyandikana nafe nyumba, mothamanga, mayunitsi asanathe. Poonera filimuyi ndili wamng'ono ndinkakhumba kukhala Elliott chifukwa cha njinga. Lero ndikuona kuti ndinali naye limodzi pa tebulo lija.

Mawu a Chingerezi akuti home amaima okha, osanena mwini wake. M'chiyankhulo chathu, kaya mumachitcha Chichewa kaya Chinyanja, sizitheka choncho. Mawu akuti kwathu adapangidwa ndi ku- wolozera malo ndi -athu wa umwini wa anthu ambiri. Munthu angathe kunena kuti kwanga pokamba za nyumba imene adamanga kapena akuchita lendi, koma kumene adachokera amati kwathu, ngakhale atatsala yekha pamtundu. Womumva amati kwanu, womukamba kumbali amati kwawo. Malo satchulika popanda anthu ake. Womasulira filimuyi m'Chichewa ayenera kusankha, ndipo kusankhako kukuulula mtima wa nkhani yonse: E.T. akati kwathu, Elliott mulibemo.

N'chifukwa chake mathero ake amapweteka kwambiri kwa wamkulu kusiyana ndi kwa mwana. Chombo chitabwera, E.T. akupempha Elliott kuti apitire limodzi, Elliott akumupempha kuti akhale. Palibe wogonja, ndipo palibe wolakwa. Akulu adati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Elliott adamudyetsa, adamubisa, adadwala naye limodzi, komabe thupi la mlendoyo linkafooka tsiku ndi tsiku m'dziko la eni.

Abale anga a ku Chipata, ku Tete, ku Harare, ku Johannesburg ndi kutsidya kwa nyanja, ambiri a ife timawadziwa moyo umenewu, ena monga otsala, ena monga opita. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ana obadwira kumene tidapitako. Akamamva makolo akuti kwathu, amadziwerengera m'kati mwa -athu ameneyu, kapena kwa iwo ndi kwanu? Nyimbo za pa YouTube ndi mauthenga a mawu a pa WhatsApp zingawapatse phokoso la chiyankhulo, monga TV idamupatsira E.T. chilembo chija. Kuti chikhale chawo pafunika wina wokhala nawo pansi, wowayankha akalankhula mokhotakhota, ndi wowapatsa foni agogo akaimba m'malo mongowauza kuti agogo akupereka moni.