Chingerezi sichikhwimira m'kope

Ntchito yanga ndi yophunzitsa Chingerezi. Ndaigwirapo m'masukulu a ku Japan monga wothandizira mphunzitsi wa komweko, ndipo tsopano ndikuigwira kwathu ku Kafue, kumene ana ambiri amene ndimawaphunzitsa makolo awo akugwira ntchito, kapena adagwirapo, m'mafakitale a ku Industrial Area. Kafue ndi Japan adadziwana kale. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia idamangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Kobe Steel ndipo idayamba ntchito mu 1970, chaka chomwecho chimene achinyamata odzipereka a ku Japan adayamba kubwera ku Zambia. Mu 2005 bungwe la ku Japan la JICA lidayambanso kuthandiza aphunzitsi a m'chigawo cha Central pa njira yokonzera phunziro pamodzi ndi kuonererana m'kalasi. Tidatengako zambiri, koma chilipo chimodzi chimene tidasiya, ndicho chikondwerero cha sukulu choyendetsedwa ndi ana eni ake. Ine ndikuti kwa mphunzitsi wa chilankhulo, tsiku limeneli pamodzi ndi masabata olikonzekera zimaphunzitsa zimene buku palokha silingathe.

Mlendo wopita kukaphunzitsa Chingerezi ku Japan amalowa kudzera ku pulogalamu ya boma ya JET, yomwe idayamba mu 1987 ndipo South Africa idalowamo mu 1997, kapena kudzera m'makampani amene amatumiza aphunzitsi m'masukulu. M'kalasi ntchito yake ndi yochepa: kuwerenga mokweza, kuwongola katchulidwe, kutsogolera timasewera. Mavuto a lilime amene amawapeza kumeneko ndi omwe ife timalimbana nawo kuno. Mwana wa ku Osaka amasokoneza r ndi l ngati mwana wa ku Shikoswe, ndipo onse awiri amawonjezera mawu pamene Chingerezi chathera pa konsonanti, n'chifukwa chake ife timati desiki iwo amati desuku. Zimenezi zimatheka ndi kubwereza. Chovuta kwenikweni ndi mantha. Mwana amadziwa yankho, walilemba bwinobwino m'kope, koma ukamuloza amaweramitsa mutu chifukwa anzake amuseka akalakwitsa. Mphunzitsi akhoza kukuwa chaka chonse kuti lankhulani, ana n'kumangomuyang'ana, pakuti palibe chimene chingawonongeke ngati sanalankhule.

Pa chikondwerero zinthu zimatembenuka. Masukulu ambiri a ku Japan amakhala ndi masiku awiri akuluakulu: undokai, tsiku la masewera, ndi bunkasai, tsiku la zaluso, limene nthawi zambiri limachitika pakati pa Seputembala ndi Novembala. Pa bunkasai kalasi iliyonse imagwirizana chochita. Ina imakonza sewero, ina imayimba kwaya, ina imasandutsa chipinda chake kukhala nyumba ya mizukwa pogwiritsa ntchito makatoni ndi nsalu zakuda, ndipo ana a kusekondale yapamwamba amagulitsa zakudya monga yakisoba. Masabata angapo tsikulo lisanafike, ukamadutsa m'khonde madzulo umapeza ana atagwada pansi akupenta zikwangwani, wina ali ndi kope akulemba ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito, wina akukangana ndi anzake za amene akhale pakhomo polandira alendo. Pa undokai ana a pulayimale amagawidwa m'magulu a zipewa zofiira ndi zoyera, amakokana chingwe, amaponya timipira m'dengu lomangidwa pamwamba pa mtengo, ndipo okulirapo ndiwo amalemba mizere ya laimu pabwalo, kulengeza pa maikolofoni ndi kusesa zonse zikatha. Mphunzitsi amayang'anira chabe. Mlendo wophunzitsa Chingerezi ndi pamene amapeza ntchito yake yeniyeni, chifukwa ana amene m'kalasi amamuthawa amamutsatira okha kuti awaonere chikwangwani, awamvetsere mizere ya sewero, kapena angomukopa kuti adzagule pa malo awo. Ali ndi chofuna kwa iye, ndiye amasakasaka mawu mpaka awapeze.

Chinsinsi chake ife a ntchitoyi timachidziwa. Chilankhulo chimalowa pobwereza, koma kubwereza kopanda cholinga kumagonetsa. Mwana amene akudziwa kuti Loweruka likubwerali amayi ake adzakhala pa benchi yakutsogolo amabwereza chiganizo chimodzi kambirimbiri popanda womukakamiza, ndipo amabwera yekha kudzafunsa ngati wachitchula bwino. Akamabwera choncho ndimatha kumuwongola pamene akulemetsa liwu molakwika, iye n'kumvetsera, chifukwa kuwongolako akukufuna. Nsima sungaidziwe kuphika pongowerenga za iyo, umafunika mthiko m'manja ndi anthu anjala amene akuidikira.

Wina anena kuti zimenezi tili nazo kale, ndipo n'zoona kuti sitili chimanjamanja. Tili ndi mipikisano ya zisudzo, ndakatulo ndi magule ya NASAAZ, ziwonetsero za sayansi za JETS, makalabu a mtsutso ndi masewera a pakati pa masukulu. Ndimazilemekeza zonsezi. Koma taonani amene amapitako. Mphunzitsi amasankha ana ochepa amene ali kale ndi luso, nthawi zambiri omwe kwawo kuli wailesi yakanema ndi makolo olankhula Chingerezi, n'kuwanola kuti akabweretse chikho ku boma kapena kuchigawo. Otsalawo amaombera m'manja. Sewero walemba ndi mphunzitsi, ndalama wasunga ndi mphunzitsi, minibasi wapeza ndi mphunzitsi. Mwana wa pa desiki yakumbuyo, amene amafunikira kwambiri mpata wotsegula pakamwa, amatsiriza sukulu asanaimepo pamaso pa anthu. Kusiyana kwa bunkasai n'kwakuti palibe wosankhidwa, kalasi yonse ili ndi ntchito, ndipo amene sangathe kusewera amalandira alendo kapena kuwerengera ndalama.

Chidandaulo chachikulu chimene ahedi amapereka n'cha nthawi. Silabasi ndi yaitali, mayeso a ECZ amabwera kumapeto kwa chaka, ndipo sukulu imayamikiridwa malinga ndi ana amene akhoza. Ndikumvetsa. Koma ganizirani zimene pepala la Chingerezi limafuna: kulemba kalata, lipoti, malankhulidwe, kufupikitsa nkhani. Kalasi yokonzekera chikondwerero imalemba kalata yeniyeni yoitana makolo, ina yopempha thandizo kwa manejala wa fakitale, imalemba mfundo za msonkhano wake, ndipo pamapeto imapereka lipoti la mmene ndalama zayendera. Ndi silabasi yomweyo, kungoti tsopano kalatayo ili ndi woiwerenga amene angakane ngati yalembedwa mosasamala. Anthu a ku Japan, amene mayeso awo olowera sekondale ndi yunivesite ndi owawa kwambiri, adaziika zikondwerero zimenezi m'ndondomeko ya maphunziro ya dziko lonse pansi pa dzina lakuti tokkatsu, ndipo Egypt idayamba kutsegula masukulu otsatira njirayi mu 2018.

Palinso amene angati, nanga bwanji anthu a ku Japan ambiri salankhula bwino Chingerezi ngati njira yawo ndi yabwino? Funsoli ndi lachilungamo. Yankho langa n'lakuti zikondwerero zawo zimachitika m'Chijapani, Chingerezi chimangolowamo pang'ono, ndipo mwana akatuluka pa geti sakumananso nacho. Chidayamba kukhala phunziro lenileni la giredi 5 ndi 6 mu 2020. Ife zathu n'zosiyana. Mwana wa ku Kafue amaona Chingerezi pa zikwangwani za mu msewu waukulu wopita ku Lusaka, pa mathumba a feteleza, pa mafomu a kuchipatala. Akadzafuna ntchito ku fakitale ya zitsulo adzafunsidwa mafunso m'Chingerezi, adzawerenga malamulo a chitetezo m'Chingerezi, ndipo makina akadzavuta usiku adzayenera kufotokozera kapitawo momveka chimene chachitika. Chimene timasowa ndi malo oyesererapo kulankhula popanda kuopa, ndiye chida chimene a ku Japan amachigwiritsa ntchito pophunzitsa mgwirizano chingatipatse ife zonse ziwiri, mgwirizano ndi kulankhula Chingerezi.

Za ndalama sindidandaula nazo kwambiri. Makatoni, mathumba akale ndi mapepala zili mbwee ku Industrial Area, ndipo zitumbuwa ndi chimanga chootcha zimagulitsika ngati yakisoba. Kuchuluka kwa ana kuyambira pamene maphunziro adakhala aulere mu 2022 ndi vuto lenileni, koma kukundithandiza pa mfundo yanga: m'kalasi yodzaza, pa piriyodi imodzi mwana aliyense sangapeze ngakhale mphindi imodzi yolankhula ndi ine, pamene m'timagulu tokonzekera amalankhula ola lathunthu. Amene akuopa kuti tikungotengera za eni akumbukire kuti undokai yoyamba idachitika mu 1874 pa sukulu ya asilikali a pamadzi ku Tokyo, kumene aphunzitsi ake anali ochokera ku Britain. A ku Japan adaitenga n'kuisandutsa yawo. Ifenso sitikufunika zipewa zofiira. Ku Kafue kuli Asoli, Atonga, Abemba, Alozi ndi ife a kum'mawa, ndipo chikondwerero chathu chiyenera kumveka zilankhulo zonsezi. Mwana afotokozere agogo ake m'Chinyanja chimene kalasi yake yapanga, atembenuke afotokozere mlendo m'Chingerezi. Luso lotembenuka chotere ndi limene olemba ntchito amalifuna, ndipo palibe chilankhulo chimene chaponderezedwa.

Choopsa chimene ndimachiona n'cha ife aphunzitsi. Tidazolowera kugwira chilichonse, ndipo mlendo wolemekezeka akaitanidwa timalanda maikolofoni, n'kuika ana padzuwa kuti amvere malankhulidwe a akuluakulu. Zikatero tsikulo lafa. Sewero la ana likhoza kukhala losalongosoka, chikwangwani chikhoza kukhala ndi liwu lolakwika, ndipo ntchito yanga ndi kuliwongola pasadakhale akandifunsa, osati kulemba chikwangwanicho ndekha.

Ahedi a masukulu a ku Kafue ndi a komiti ya makolo, sankhani Loweruka limodzi m'teremu yachiwiri, mayeso asanayandikire. Patsani kalasi iliyonse chipinda chake ndi masabata anayi okonzekera, muitane makolo ndi mamanejala a ku Industrial Area, ndipo pa tsikulo maikolofoni agwire ndi ana.