Katundu Wakumudzi Safuna Phuma

Ulendo wochoka ku Lilongwe kufika ku South Bend, tauni ya ku Indiana kumene Amalawi tachulukako ndithu, umatha tsiku lathunthu ndi maola ena pamwamba. Umanyamuka masana pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, kukafika ku Addis Ababa kutada. Usiku womwewo umakwera ndege yaikulu imene imaima kaye ku Ulaya kuthira mafuta. Addis Ababa ali pamtunda kwambiri, mamita oposa 2,300, ndipo kumeneko ndege yodzaza anthu ndi katundu imavutika kunyamuka ndi mafuta okwanira kuwoloka nyanja ya Atlantic osapumira. Kukacha umatera pa O'Hare ku Chicago. Chotsala ndi kandege ka ku South Bend, kamene mlengalenga kamangokhalamo ngati theka la ola. Koma ambirife ulendo umatisokonekera pa kandege komaliza kameneka, titawoloka kale Africa ndi nyanja yonse bwinobwino.

Vuto lagona pa lamulo la kuno ku America, lakuti munthu amalowera m'dziko pa bwalo loyamba limene watera, ngakhale akupitirira kwina. Ku Addis Ababa umangotsika, kudutsa pomwe amasecha, n'kupita pa chipata china, masutikesi osawaona. Pa Chicago umaima pamzere wa a imigireshoni, akujambule, akufunse kumene wachokera ndi zimene wanyamula. Ukatero umakadikira masutikesi ako pa lamba, ngakhale kapepala kamene anamata ku Lumbadzi kakunena kuti akupita ku South Bend. Umadutsa nawo kwa oyendera katundu, n'kuwaperekanso kwa a kampani ya ndege. Ndege zochokera kunja zimafikira ku Terminal 5, pamene zambiri za m'dziko momwemo zimanyamukira ku Terminal 1, 2 kapena 3, ndiye umakwera kasitima kozungulira pabwalopo. Kumeneko umakayambanso mzere wa achitetezo ngati munthu amene wangochoka kunyumba kwake m'mawa womwewo.

Tsono tikiti ikalembedwa kuti pakati pa ndege ziwirizi pali ola limodzi ndi mphindi 40, nthawi yeniyeni ndi yochepa kuposa pamenepo. Amayamba kuwerenga ndege ikangoima, iwe uli kumbuyo kwenikweni, anthu pafupifupi 300 akutsitsa zikwama patsogolo pako. Chipata cha ndege inayo amatseka patatsala mphindi ngati 15 kuti inyamuke. Mukachotsa zimenezi, zotsalazo zikuyenera kukwanira mizere itatu, lamba wa katundu ndi sitima. Makampani a ndege amagulitsa matikiti oterewa chifukwa pali nthawi yochepetsetsa imene amavomereza pa bwalo lililonse, ndipo nthawiyo imakwanira munthu wa pasipoti ya kuno amene wanyamula kachikwama kamodzi ka m'manja. Mmalawi wochokera kumudzi sayenda choncho.

Tikiti yochokera kwathu imalola masutikesi awiri a makilogalamu 23 lililonse, ndipo sindinaonepo wa kwathu akubwerera ndi sutikesi yopepuka. Kwathu ku Dowa kulongedza kumachitika usiku wotsiriza, pakhonde. Mlongo wanga amakabwereka sikelo yopachika kwa mnyamata wogula mbewu pamsika, n'kuimangirira pa mtanda wa denga. Amayi amakhala pamkeka, miyendo atatambasula, zinthu zili mbwee: ufa woyera umene anyika ndi kuyanika okha, nsinjiro, usipa wokulunga m'manyuzipepala ndi majumbo atatu kuti fungo lisatuluke, mfutso wa nkhwani ndi wa khwanya, therere lopera, tiyi wa Chombe, mabotolo a Nali okulunga m'zitenje. Sikelo ikaloza 26, mkangano umayamba.

"Amayi, ufawu tichepetse. Kumeneko ufa uliko."

"Ufa wake uti? Uja unati nsima yake imakhala ngati phala la mwana? Chotsa nsapatozo, mwanawe. Nsapato ukagula konko."

Nsapato zimatsala. Kenaka kumabwera a zakhali ndi kaphukusi ka mwana wawo amene ali ku Indianapolis, ndi amayi ena a kutchalitchi ndi kambale ka matemba, akuti n'kochepa, sikalemera. Munthu sungakane. Iwenso unalandirapo kaphukusi kotere kudzera mwa ena.

Katundu ameneyu ndi amene amafuna nthawi pa Chicago. Pomwe pamatulukira masutikesi pamayendayenda tiagalu tating'ono ta makutu ogwa, tovala tijekete, timene ntchito yake ndi kununkhiza zakudya. Kagalu kakakhala pansi pafupi ndi sutikesi yako, dziwa kuti ukupita kuchipinda china. Ukanena wekha kuti wanyamula chakudya, nthawi zambiri umapitanso komweko, ndipo kunena ndiye koyenera, chifukwa wobisa akagwidwa amalipira chindapusa cha madola mazanamazana. Kumeneko amaunika sutikesi ndi makina, mwina n'kuitsegula. Nsomba zouma kawirikawiri zimadutsa. Nyama, mango, zipatso zina zaziwisi ndi mbewu zokadzala zimatsala pomwepo. Iwo amaopa tizilombo ndi matenda amene angalowe m'minda ndi m'makola awo, ndipo aliyense amene anaona zimene mbozi zinachita pa chimanga kwathu mu 2017 sangawadandaule.

Chotenga nthawi ndi kufotokoza. Bambo wovala magolovesi amamasula mfundo zimene amayi anamanga ndi mano, n'kutulutsa jumbo la masamba akuda ofota. Amalinunkhiza, amalitembenuza, amafunsa kuti n'chiyani. Ndiye uyambe kulongosola kuti ndi masamba a maungu, anawafutsa pang'ono n'kuwayanika padzuwa kuti adzadyedwe m'chilimwe, mulibe njere, mulibe dothi. Amaitana mnzake, amayang'ana pa kompyuta, kenaka n'kubwezera. Nthawi yonseyi pamakhala anthu ena patsogolo, a ku Ethiopia ndi zokometsera zawo, a ku Nigeria ndi zawonso, aliyense ndi nkhani yake. Pamapeto umatsala ndi sutikesi yosanjika mwa njira ina imene ikukana kutsekeka, ndipo umagwada pansi kuikanikiza ndi bondo. Ngati ndege yako ikunyamuka m'mphindi 30, zonsezi umachita mtima uli m'mwamba, ndipo jumbo lililonse la amayi umayamba kuliona ngati mlandu. Ine sindifuna kuipidwa ndi mfutso wa amayi chifukwa cha wotchi.

N'chifukwa chake wachibale akandifunsa ndimati asiye maola osachepera atatu. Ngati ndi ulendo woyamba, kapena ali ndi ana, kapena ndi miyezi ya chisanu, akhale anayi kapena asanu. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale chipale chofewa chimasokoneza ndege pa Chicago, ndipo South Bend, pokhala kufupi ndi nyanja ya Michigan, amalandira chipale chochuluka kuposa matauni ambiri a m'chigawochi. Ndimawauzanso kuti ulendo wonse ukhale pa tikiti imodzi. Zikatero, ndege yoyamba ikachedwa, kampani imakuikira pa ndege yotsatira popanda kulipiranso. Matikiti ogula padera amaoneka otchipa pa intaneti, koma kampani yachiwiri sidziwa kuti unali mlengalenga. Kwa iwo ndiwe munthu amene sanabwere. Umayenera kukaima pa kauntala yawo ndi katundu wako patatsala mphindi ngati 45 kapena kuposa, n'kulipira madola oposa 30 pa sutikesi iliyonse.

Mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu kuno anaziona zimenezi pobwera kusukulu mu Januwale. Akulu ake anamugulira matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa ndalama, pakati pake pali maola awiri. Ndege inatera mochedwa pang'ono, mzere unali wautali, ndipo pofika ku chipata anapeza pali anthu ena odikira ndege ina. Ndege za tsikulo zinali zodzaza. Anali ndi jekete yopyapyala ya pakaunjika, foni yopanda layini ya kuno, ndi ndalama zosakwana tikiti yatsopano. Mwayi wake, South Bend ali pa mtunda woyenda maola awiri pagalimoto, ndipo mkulu wa mpingo wina anakamutenga atachoka ku ntchito ya usiku. Amene akupitirira ku Dallas kapena ku Seattle alibe mwayi woterowo, amagona pa mipando. Kuthamanga sikufika.

Pali tina ting'onoting'ono timene timapweteketsa mtima. Botolo lililonse loposa mamililita 100 limene lili m'chikwama cha m'manja, kaya ndi Nali kaya ndi mafuta onunkhira ogula ku Addis Ababa, ndi bwino kulilowetsa mu sutikesi yaikulu usanaiperekenso, chifukwa pa mzere wachiwiri wa achitetezo likhoza kukathera m'bini. Nthawi zolembedwa pa tikiti ndi za malo amene ndegeyo ili, ndipo South Bend ali patsogolo pa Chicago ndi ola limodzi, choncho wokuchingamira umuuze nthawi ya kwawo. Ngati akubwera ndi makolo okalamba, wogula tikiti apemphe pasadakhale kuti adzawayendetse pa mpando wamatayala. Ndi ulere, ndipo wowakankhayo amadziwa njira yonse kuchokera pa khomo la ndege mpaka pa chipata chinacho. Abale a ku Joni amene amapitirira ku Cape Town kapena ku Durban amazidziwa zimenezi, chifukwa pa O.R. Tambo napo munthu amadinditsa pasipoti ndi kutenga katundu asanapite mbali ya ndege za m'dziko.

Koma pali chifukwa china chimene ndimasiyira maola ambiri, ndipo ichi sindiuza aliyense pogula tikiti. Mu ndege yochoka ku Lilongwe Chichewa chimamveka mbali zonse, wina akudandaula za mtengo wa feteleza, wina akukamba za Bullets ndi Manoma. Pa Addis Ababa timabalalika, ena ku London, ena ku Dubai, ena ku Guangzhou. Mu ndege ya ku Chicago timatsala owerengeka, timadziwana ndi chitenje kapena ndi pasipoti imene munthu wagwira m'manja. Pa imigireshoni amatilekanitsanso, nzika mzere wawo, alendo wawo. Ukaperekanso masutikesi aja umaima chimanjamanja, ndipo kupukwa kumakugwira pamenepo. Kwathu mlendo satsanzikidwa pakhomo. Amamuperekeza mpaka kumsewu, n'kuimanso naye pamenepo kumalizitsa nkhani. Maola a pa Chicago kwa ine ndi amenewo, ndipo wothamangira ndege sawapeza.

Ndikadutsa achitetezo ndimafuna mpando wa pafupi ndi soketi, n'kuimba pa WhatsApp. M'miyezi ya chisanu kwathu amakhala patsogolo ndi maola 8, choncho pamene pa Chicago ili 10 koloko m'mawa, ku Dowa kuli chisisira.

"Wafika, mwanawe?"

"Ndili pa Chicago, amayi. Kwatsala kandege kamodzi."

"Nanga usipa sanalande?"

"Wadutsa wonse. Mfutso ndi umene anaufunsa kwambiri."

Amaseka mpaka kutsokomola, n'kuuza onse amene ali pabwalo kuti azungu sadziwa nkhwani. Kuseri kwa mawu awo ndimamva mthiko ukugunda mu mphika, mwana akuthamangitsa nkhuku kuti zilowe m'khola, ndipo ngati ndi Januwale, mvula ikuyamba pa malata mpaka amayi kumakuwa kuti ndiwamve. Foni imadutsa m'manja mwa mlongo wanga, alamu, ana, aliyense kufunsa funso lomwelo. Fumbi lofiira likadali m'mizere ya nsapato, chitenje cha m'chikwama chikununkhabe utsi wa kukhitchini. Mawa lake ndimakhala nditavala yunifomu, ndikusambitsa ndi kudyetsa makolo a anthu ena pamene anga akutunga okha madzi. Ndimafuna nthawi yokhala pansi ndisanalowenso m'moyo umenewo.

Popita kumudzi njira ndi yosavuta, chifukwa ngati tikiti ndi imodzi masutikesi umakawaonera ku Lumbadzi. Komabe ndimakwera kandege ka m'mawa kwambiri, kapena kukagona ku Chicago. Ndege ya ku Addis Ababa sinyamuka kawiri patsiku. Ukaiphonya wataya tsiku kapena kuposa, ndipo ambirife timapita kwathu mwadzidzidzi chifukwa cha maliro. Kumudzi angadikire tsiku limodzi kapena awiri chifukwa cha mwana amene ali kunja, koma anthu atasonkhana kale pasiwa, adzukulu atakumba kale manda, sangadikire mpaka kalekale.

Kale tinkadzitonthoza kuti tikalephera kupita, makolo adzabwera kudzaona zidzukulu. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia opempha viza yodzacheza, ndipo pachiyambi linati oterowo azilowera pa mabwalo atatu okha: Boston, JFK ku New York ndi Dulles ku Washington. Kwa amayi a ku Dowa zimenezi zinatanthauza ndalama zimene ambirife tilibe, kuphatikizapo ndege ina ya m'dziko pa bwalo lachilendo, ali okha, Chingerezi chili cha Sitandade 4. Nkhani yoti adzabwera tinangoisiya, sitiikambanso pa foni.

Chotsala ndi masutikesi a anzathu. Aliyense amene akupita kumudzi amachoka kuno ndi mayina a anthu ofuna kunyamulidwira kanthu, ndipo pobwerera timamudikira ngati wachibale ngakhale sitinachezepo naye kwenikweni. Chaka chino tchuthi sindinachipeze, ndiye inu amene mukupita pa Khirisimasi, mlongo wanga adzakupezani ku Lumbadzi ndi kajumbo. Amayi alonjeza kuti sikapitirira makilogalamu awiri, koma mudzakayeze nokha. Pa Chicago mudzanene kuti mwanyamula chakudya, ndipo pogula tikiti yobwerera musiye maola anayi. Akadzafunsa za masamba akudawo, mudzati ndi a maungu.